Envelopu Yakhaki M'manja: Zomwe Achinyamata Akunena pa Nkhani ya Ulova

M'mwezi wa Juni 2020, unduna wa zaumoyo unalengeza kuti ukufuna kulemba ntchito alangizi a zaumoyo, aja amayenda m'midzi kukweza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Panalibe zoti munthu alembe kalata n'kumadikira kuitanidwa. Aliyense wodziona kuti ngoyenera anauzidwa kuti angofika pamalo a mayeso ndi mapepala ake. Ku Mzuzu malowo anali sukulu ya sekondale ya Katoto. Chinamtindi cha achinyamata chomwe chinakhamukira kumeneko chinaposa chomwe okonza mayesowo ankayembekezera, ndipo polimbirana kulowa pachipata ena anagwa n'kupondedwa. Ambiri anathera kuchipatala. M'maboma enanso mizere inali yosaoneka kothera kwake.

Amene amakonda kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi ayambe wafotokoza za tsiku limenelo. Waulesi sangalole kupondedwa pachipata chifukwa cha ntchito ya malipiro ochepa, yokagwira kumudzi kopanda magetsi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwa linali lisanakwanitse zaka 18. Ana aja tsopano akukula. Chaka chilichonse miyandamiyanda ya anyamata ndi atsikana imafika pamsinkhu wofuna kudziimira paokha, pomwe malo a ntchito zolembedwa, zolandira pakutha pa mwezi, akungowonjezekera pang'onopang'ono ngati madzi a m'chitsime cha m'chilimwe.

Mawu akuti "lova" enieniwo amawapweteka achinyamata. Anachokera ku Chingerezi, kumene amanena za munthu wongoyendayenda wosafuna kugwira kanthu. Koma pitani ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi m'mamawa, muone amene akutchedwa malova aja. Mmodzi wadzuka 4 koloko kukapikula tomato, wina wakhala pansi pa ambulera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, winanso akupalasa kabaza ndi thumba la makala kumbuyo. Kafukufuku wa boma wa 2013 woona za ntchito anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito, 89 anali pantchito zosalembetsedwa: zopanda kontirakiti, zopanda penshoni, zopanda tchuthi. Ndipo pa kawerengedwe komwe mayiko amatsata, munthu amene wagwira ganyu ya ola limodzi pa sabata amawerengedwa kuti ali pantchito. N'chifukwa chake ziwerengero zina zimaonetsa ngati ulova kuno ngochepa, pomwe aliyense akuona ndi maso kuti zinthu sizili choncho. Achinyamata ambiri akamati ali pa ulova, sakutanthauza kuti angopinda manja. Akunena kuti akukhetsa thukuta tsiku ndi tsiku koma chogwirika palibe, lendi ikuvutabe, ndipo mawa silikudziwika.

Chotchinga choyamba chimene amatchula n'chimene anthu apantchito anachiiwala kalekale, chakuti kusaka ntchito kumafuna ndalama. Taganizirani mtsikana wa ku Area 25 amene anamaliza dipuloma zaka zitatu zapitazo. Kuti adziwe kuti kwinakwake akufuna munthu, ayenera kugula nyuzipepala kapena bandulo ya intaneti. Akaona malo omuyenera, apite kokatayipitsa kalata, apange fotokope satifiketi ya MSCE, dipuloma ndi chiphaso cha unzika, nthawi zina akadinditsenso kwa ovomerezeka ndi lamulo. Agule envelopu yakhaki. Akwere minibasi ziwiri kukafika ku City Centre, kumene sadutsa n'komwe pageti. Amaima mwaulemu n'kunena kwa mlonda kuti, "Zikomo bambo, ndimati ndisiye kalata." Mlonda amaloza katoni yomwe yadzaza kale ndi maenvelopu ofanana ndi yakeyo. "Ponyani momwemo, achemwali. Akuimbirani." Ndalama yonse ya ulendowu yachokera kwa mayi ake ogulitsa mandasi, ndipo aka si koyamba kapena kachisanu. Pamafika nthawi yoti mtsikanayo amachita manyazi kupemphanso ya thiransipoti, n'kungosiya kulembera. Apa m'pamene apabanja amayamba kunong'onezana kuti mwanayu wataya mtima.

Wa kumudzi ndiye zake n'zovuta kuposa apa. Wa ku Nthalire kapena ku Makanjira amamva za malo a ntchito tsiku lotsekera litadutsa kale.

Kenako pali nkhani imene imatuluka paliponse pomwe achinyamata akhala pansi kukambirana: olemba ntchito amafuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyo zaka zitatu kapena zisanu. Funso lawo ndi limodzi, ndipo silinayankhidwebe mokhutiritsa: zaka zimenezo munthu azitenga kuti ngati aliyense akukana kumuyambitsa? Boma linayesa kuyankha mu 2018 pomwe linayamba kutumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maunduna ndi m'makhonsolo kuti akaphunzire ntchito, n'kumawapatsa K80,000 pamwezi poyambirira. Ambiri amene anadutsamo amayamikira kuti anadziwa mmene ofesi imayendera ndiponso anadziwana ndi anthu. Dandaulo lawo n'lakuti nthawi ikatha amabwerera kunyumba kukayambiranso pomwe anasiyira, pomwe desiki imene ankakhalapo ikufunabe munthu. Zimene amapempha n'zomveka: nthawi imene munthu wakhala akuphunzira ntchito iziwerengedwa akamalemba anthu okhazikika, ndipo makampani omwe si aboma nawonso azitsegula makomo awo, osasiyira boma lokha.

Nkhani ya kudziwana ndiyo imawawa kwambiri, chifukwa imapha chikhulupiriro chakuti sukulu ili ndi phindu. Achinyamata ambiri amakhulupirira kuti malo ena akamalengezedwa m'nyuzipepala amakhala kuti mwini wake wapezeka kale, kulengezako n'kongokwaniritsa mwambo. Amatchula mtundu, chigawo chochokera, chipani, mpingo, ndi "kangachepe" komwe ena amauzidwa kuti apereke kuti dzina lawo lioneke pamndandanda. Si malo onse amene amatero, ndipo alipo ambiri amene analowa ntchito mwachilungamo popanda wowagwira dzanja. Koma pamene anthu 500 akulimbirana malo awiri ndipo palibe amene akuuzidwa chifukwa chimene wagwera, mphekesera imasanduka choonadi m'mitima ya anthu. Atsikana ali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu: bwana amene amati nkhani ya ntchitoyo akaimalizire kumalo ogona alendo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa mchitidwe umenewu ndipo lili ndi chilango chake, koma mtsikana amene sanalembedwe n'komwe ntchito, wopanda mboni, wopanda ndalama ya loya, kawirikawiri amangobwerera kwawo n'kukhala chete. Nawo akamberembere apezerapo mwayi pa njala ya ntchitoyi. Amatumiza uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti bungwe lakutilakuti likulemba anthu, koma ofuna kulowa nawo mayeso atumize kaye ndalama pafoni. Ndalama ikangopita, nambala ija siipezekanso.

Komabe ngakhale ziphuphu zonse zitatha lero, ntchito sizingakwanire, ndipo achinyamata oganiza mofatsa amavomereza zimenezi. Muzu wake uli m'mbiri ya zaka makumi atatu zapitazi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino linali ndi yunivesite ya boma imodzi yokha. Lero zilipo zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo MUST ya ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, osawerengera zomwe si zaboma zimene zamera m'mizinda yonse. Zimenezi n'zabwino ndipo palibe angafune kubwerera m'mbuyo. Vuto n'lakuti pamene makomo a sukulu ankatseguka, a mafakitale ankatsekeka. Kampani ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene pa nthawi ina inkalemba anthu zikwi zingapo, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Mu 2022 anthu zikwi zingapo anachotsedwa ntchito ku ADMARC. Boma, lomwe ndi lolemba ntchito wamkulu, lakhala likuumira kulemba anthu pofuna kuchepetsa ndalama zopita kumalipiro, mwakuti aphunzitsi ndi anamwino amene boma lomwelo linawaphunzitsa akhala akudikira zaka kunyumba, kwinaku mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100 m'kalasi.

Akuluakulu akafika pamenepa amatulutsa langizo lomwe wachinyamata aliyense analimvapo pa mwambo wolandira digiri: musamangodikira kulembedwa, dzilembeni nokha ntchito. Achinyamata salikana langizoli. Ambiri analitsata kale, chifukwa njala sidikira. Chimene amakana n'kulinena ngati kuti ndi lophweka. Mpamba uchokera kuti? Banki imafuna chikole, ndipo mnyamata wa zaka 24 alibe nyumba kapena malo a m'dzina lake. Ngakhale atapeza womuimira, mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa K26 pa K100 iliyonse, ndipo mabanki enawa amawonjezera pamenepo. Ndi geni yanji yoyamba kumene imene ingapindule mokwanira kubweza ngongole yotere n'kutsalanso ndi ya ndiwo? Otsala ndi akatapila, amene ngongole yawo imadya mpamba ndi mwini wake yemwe.

Maboma osiyanasiyana ayesapo kuika thumba la ngongole. Panali YEDEF ya achinyamata mu 2010 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2020 panabwera NEEF. Alipo amene anatukuka nazo. Koma mbiri ya ngongolezi yadetsedwa ndi zinthu ziwiri zomwe achinyamata eniake amazitchula mosabisa: kukondera otsatira chipani cholamula, ndi maganizo a olandira ena akuti ndalama ya boma ndi "zikomo" wa pa chisankho, siibwezedwa. Thumba likauma chifukwa cha osabweza, wovutika ndi wa m'mbuyo amene anali ndi pulani yeniyeni. N'chifukwa chake ambiri masiku ano akudalira banki m'khonde ndi chipereganyu, momwe anthu odziwana amasonkha pang'onopang'ono n'kumabwerekana. Ndalama zake n'zochepa, sizingagule chigayo, koma zimafika nthawi yake ndipo safunsa khadi la chipani.

Amene wayamba geni amakumananso ndi mphepo imene sangailetse. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa mnyamata wogulitsa kaunjika, nkhani ya pawailesiyi imafika motere: wagulitsa belo lonse, wawerenga ndalama, waona kuti wapindula, akabwerera kokaoda apeza mtengo wa belo wadumpha kuposa mpamba ndi phindu zonse pamodzi. Wagwira ntchito mwezi wathunthu kuti abwerere m'mbuyo. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula zomwezi. Wometa, wowotcherera ndi wosoka pamakina a magetsi ali ndi mdani wina. Kalembera wa 2018 uja anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wowotcherera amene analandira ndalama ya geti la kasitomala ankagona pashopu kudikira kuti magetsi akayaka pakati pa usiku agwire ntchito.

Pali chinthu chimodzi chimene chasintha m'maganizo a achinyamata, ndipo n'cholimbikitsa. Kale ntchito zamanja zinkaonedwa ngati za amene sukulu inawakanika. Mwana wanzeru ankayenera kuvala tayi. Lero wa digiri amaona mnzake amene anaphunzira zoika magetsi a dzuwa, zamapaipi kapena zomata matailosi akumanga nyumba yake iye akadali kwa makolo, ndipo manyazi aja amatha okha. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ambiri akuifunadi nyimboyo. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayendetsa maphunzirowa ndi ndalama zimene olemba ntchito amapereka, K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Kuwonjezera pa makoleji akale monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe, mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a luso a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Koma malo ngochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo zida zina zophunzirira n'zakale: mnyamata amaphunzira pa injini ya makedzana pomwe galimoto zodzaza m'misewu n'zoyendera kompyuta. Akamaliza amatuluka ndi pepala koma wopanda bokosi la zida. Ambiri mwa amakaniko ndi akalipentala a m'tauni sanapiteko n'komwe kukoleji. Anaphunzirira pansi pa mtengo kwa amisiri anzawo, ndipo luso ali nalo lokwanira, chosowa ndi pepala loti akaonetse pofuna kontirakiti. Pempho lawo n'lakuti njira yoyesa luso la munthu wotere n'kumupatsa satifiketi ifike pafupi ndiponso itsike mtengo.

Za ulimi achinyamata amayankhula mosiyana ndi mmene akuluakulu amaganizira. Kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda akhala akumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo satsutsa. Chimene sakufuna ndi ulimi umene anaona ukusaukitsa makolo awo: khasu, chimanga, mvula kamodzi pachaka, feteleza wokwera mtengo, kenako venda wobwera ndi sikelo yake pa nthawi yokolola. Amene alowa mu ulimi mwa kufuna kwawo amathamangira za msanga ndiponso za msika wodziwika, monga tomato, anyezi, nkhuku, nkhumba, soya ndi nsomba za m'maiwe, ndipo amafunsa za pampu yoyendera dzuwa asanafunse za mbewu. Chowatchinga ndi malo. M'maboma ngati Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu munda wa banja wagawidwa mpaka watsala kachigamba, ndipo kachigambako kali m'manja mwa makolo kapena malume. Wachinyamata amalima pobwereka, ndipo pamunda wobwereka palibe amene angakumbe chitsime kapena kudzala mitengo ya zipatso.

Zonse zikakanika, maso amaloza kunja. Njira imeneyi si yachilendo. Agogo awo ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Lero mabasi opita ku Johannesburg amadzazabe ndi anyamata a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo nyumba zamalata zimene zamangidwa ndi ndalama za ku Joni zimaoneka m'midzi ya kumeneko. Zimene sizioneka ndi miyezi imene ena amakhala m'malo osungira anthu opanda zikalata ku Lindela kudikira kubwezedwa, ndi mantha a zipolowe zothamangitsa alendo ngati za mu 2008 ndi 2015. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Anthu ambiri anadzudzula kuti boma likuika ana a eni pamoto, koma ofuna kupita sanathe, ndipo yankho lawo linali lakuti njala ya kuno nayonso imapha. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino ku Oman, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu atalandidwa mapasipoti. Ngakhale pamenepa, achinyamata sakunena kuti njira ya kunja itsekedwe. Akuti boma lizikambirana ndi mayiko enawo poyera, kontirakiti izioneka munthu asanakwere ndege, ndipo ma ejenti achinyengo azimangidwa.

Pa chisankho cha 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni, ndipo lonjezolo linakoka mavoti a achinyamata ambiri. Mkangano umene unatsatira, woti kodi ganyu ya miyezi iwiri yokonza msewu iwerengedwe ngati ntchito kapena ayi, unawaphunzitsa kufunsa mafunso andale akabwera ndi nambala zikuluzikulu. Masiku ano zimene amapempha n'zing'onozing'ono poyerekeza ndi miliyoni ija, ndipo zina sizifuna n'komwe bajeti. Makalata ofunsira ntchito azilandiridwa pa imelo kapena pafoni kuti wa ku Chitipa asagulitse mbuzi chifukwa cha ulendo wokaponya envelopu. Mapepala odinda azifunidwa kwa okhawo amene aitanidwa ku intavyu. Ntchito za boma zikalembedwa, mayina ndi mmene anthu akhozera ziziikidwa poyera.

Ndipo pali kachiganizo kamene kamakhala pansi penipeni pa pafupifupi chilengezo chilichonse cha ntchito, konena kuti okhawo amene asankhidwa ndi amene adzayankhidwe. Mtsikana wa ku Area 25 uja wakawerenga kambirimbiri. Pa makalata onse amene anaponya m'katoni ya pageti, sakudziwa ngati ina inatsegulidwa n'komwe, kapena ngati cholakwika chinali kalembedwe kake, maphunziro ake, kaya dzina la kwawo. Foni yake saizimitsa usiku, ndipo nambala yachilendo ikaimba amayamba wakonza kukhosi asanayankhe.